Funso Limene Ndinafunsa Mayi Zingwe

Olemekezeka oimira Nduna ya Maphunziro. Olemekezeka Wapampando wa khonsolo ya yunivesite ino, pamodzi ndi mamembala onse a khonsoloyo. Olemekezeka Mkulu wa yunivesite. Olemekezeka anzathu a bungwe limene latimangira nyumba yokongolayi, amene mwayenda ulendo wautali kuti mudzaone ndi maso anu. Akuluakulu a nthambi ya masamu ndi nthambi ya fizikisi. Aphunzitsi, ofufuza ndi atolankhani. Ana athu ophunzira amene mwatsamira khoma chifukwa mipando yachepa. Amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza pondiitana, ndikuthokozanso pondikumbukira, pakuti munthu akapuma pantchito amayamba kudziona ngati mpando wakale umene auika pakhonde. Nyumbayi ndaiyendera yonse, kuyambira m'chipinda cha makompyuta mmene mukuzizira mpaka m'kanjira kapamwamba mmene mukununkhabe penti. Ndaona mabolodi aatali kuyambira pansi kufika kudenga, ndaona mawindo olowetsa kuwala kokwanira maso a nkhalamba, ndipo ndaonanso kuti a masamu ndi a fizikisi mwawapatsa ketulo imodzi ya tiyi. Amene anaganiza zimenezo ndi munthu wolimba mtima, ndipo ndikumufunira zabwino.

Mwaseka, ndipo mwachita bwino kusekeratu, chifukwa zimene zatsala sizoseketsa kwenikweni.

Ndapemphedwa kuchita zinthu ziwiri lero. Choyamba ndi kudula riboni ili pakhomo la holo yaikulu iyo. Chachiwiri ndi kulengeza pamaso pa alendo ndi atolankhani kuti funso lina lalikulu, limene lakhala likuzunguza mitu akatswiri a masamu ndi a fizikisi, layankhidwa pano, ndipo waliyankha ndi mayi amene akugwirizira udindo wotsogolera malo ofufuzira ano. Ophunzira amawatcha Mayi Zingwe, chifukwa mu ofesi yawo mwadzaza zingwe zomangamanga, zina zolendewera pachitseko, zina mpaka m'kapu ya tiyi. Riboni ndidula. Koma chilengezocho sindichinena, chifukwa si choona. Mayi Zingwe eniake ndi amene anaulula kuti si choona, ndipo chifukwa cha kuulula kumeneko mpando wawo wachotsedwa kutsogolo kuno, moti ndikuwaona ataima kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Masana ano khonsolo ikumana kuti igamule ngati apitirize ntchito kapena anyamule zingwe zawo.

A Wapampando, ndikuona kuti mwachita tsinya, ndipo ndikumvetsa. Ndinakuuzani pamaso dzulo kuti sindidziwa kulankhula mopita m'mbali. Ndipirireni pang'ono, inunso ndikuikirani kumbuyo pamene pakuyenera.

Kuti alendo athu asasokonezeke, ndiloleni ndifotokoze kaye ntchito imene ikuchitika m'nyumba muno. Tengani chingwe, mumange mfundo, kenaka mulumikize nsonga zake ziwiri kuti mfundoyo isamasukenso. Ife a masamu timafunsa kuti, kodi tingadziwe bwanji kuti mfundo iyi ndi yosiyanadi ndi iyo, osati kuti ndi imodzimodzi koma yangopotozedwa? Njira imodzi ndi kusiya kuyang'ana chingwecho n'kuyang'ana malo amene atsala mozungulira mfundoyo, ndipo malowo tili ndi muyezo wathu umene timayezera kukula kwake. Anzathu a fizikisi analibe nazo ntchito mfundo. Iwo ankafufuza tinthu ting'onoting'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, mmene timazungulirana ndi kudutsana, ndipo anapeza kuti njira zimene tinthuto timadutsamo zimalukana ngati zingwe. Akawerengera mwa njira yawo, mfundo iliyonse imawapatsa mndandanda wa manambala wopanda mapeto. Ndiye panapezeka chodabwitsa: manambala a fizikisi aja akamakula, liwiro la kukula kwake limafanana ndendende ndi muyezo wathu uja wa malo ozungulira mfundo.

Anthu awiri osadziwana, wina akuyeza malo, wina akutsata tinthu tosaoneka, n'kupeza yankho limodzi. Chifukwa chiyani? Makompyuta ayesa mfundo zambirimbiri ndipo akuvomereza. Koma umboni wakuti zimenezi zimachitika nthawi zonse, umboni umene munthu angautsate mzere ndi mzere osadumpha pena paliponse, ulipo wa mfundo zochepa chabe. Mayi Zingwe anagwira ntchito zaka zambiri kuti apeze umboni wa banja lalikulu la mfundo, ndipo mkulu wa nthambi ya fizikisi, amene ana awa amawatcha Bambo Pafupifupi chifukwa yankho lawo lililonse limayamba ndi mawu amenewo, anawathandiza kuyesa manambala pakompyuta. Zonse zinkagwirizana. Nkhani inafalikira, alendo anaitanidwa, inenso ndinakwera ndege mtima uli mbee.

Tsono ife a masamu tili ndi kachitidwe kathu kamene anthu ena amakaona ngati mwano. Mlendo akafika, sitiyamba ndi kumufunsa za ulendo kapena za kunyumba. Timamukokera pabolodi, timatenga choko, n'kuyamba kumuonetsa ntchito yathu, ndipo mlendoyo ali ndi ufulu, ndinene kuti ali ndi udindo, wotidula pakamwa paliponse pamene sakumvetsa. Kukhala chete n'kumangogwedeza mutu ndiye kunyoza. Nditafika sabata ino, chikwama chidakali m'manja, Mayi Zingwe anachita chomwecho. Analemba, ine ndikutsatira. Ntchito yokongola, ndikunena pamaso pa nonsenu, ntchito imene ine pa msinkhu wawo sindikanaikwanitsa. Anaonetsa kuti pakati pa zigawo zonse zimene zimaphatikizidwa kuti nambala ituluke, pali chigawo chimodzi chachikulu chimene chimapereka muyezo uja. Kenaka anati zigawo zotsalazo ndi zazing'ono, titha kuzisiya, ndipo dzanja lawo linapita pa mzere wotsatira.

Ndinawaimitsa pamenepo. Ndinafunsa kuti, chilichonse pachokha ndi chaching'onodi, koma pamene manambala akukula, zotsalirazo zikuchulukanso popanda malire. Ndani watsimikiza kuti zikaunjikana sizingapose chachikulu chija?

Bambo Pafupifupi anali ataima pakhomo, ndipo anayankha msanga kuti ku fizikisi zotsalira zoterozo amazitaya tsiku ndi tsiku, kuti kompyuta yaziyeza ndipo sizikuonetsa vuto lililonse. Ananena zoona, ndipo ntchito yawo imayenda motero, ndiyenso imayenda bwino. Koma kompyuta imayeza mpaka pamene yatopera, pamene ife tikulonjeza za manambala onse, ngakhale amene palibe makina adzawafike. Mayi Zingwe anatembenukira kubolodi. Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali, choko chili m'mwamba. Pamapeto pake anati andiyankha mawa.

M'mawa mwake anandipeza ku nyumba ya alendo ndikumwa mankhwala anga a mawondo. Sanakhale pansi. Anati, "Mayi, pali mpata. Ndayesa njira zonse zimene ndikudziwa, sukutsekeka. Njirayi ndinaitengera kwa a fizikisi, ndinaizolowera mpaka ndinasiya kuiona."

Ndinawafunsa chimene akufuna kuchita, ndipo anati akupita kukauza a Wapampando nthawi yomweyo. Ndinadziwa kuti mayiyu ali ndi ana kusukulu, ndinadziwa kuti mayi awo odwala amakhala nawo pakhomo, ndinadziwanso kuti udindo wawo ndi wongogwirizira. Kunena mosabisa, mtima wanga unawawa kwambiri, mpaka ndinalakalaka ndikanadwala chimfine n'kulephera kubwera. Koma funsolo sindikupepesa, ndipo iwonso sanandipemphe kuti ndipepese.

A Wapampando anawayankha kuti adikire kaye, mwambo uthe, alendo akwere ndege, atolankhani alembe, zotsalirazo tidzaziona pambuyo mwakachetechete. Mayi Zingwe atakana, anauzidwa kuti asalankhule lero, ndipo kuti khonsolo iganiziranso za utsogoleri wa malo ano. Kenaka a Wapampando anabwera kwa ine, mwaulemu wonse, n'kundipempha kuti ndingonena chiganizo chija cholengeza kuti funso layankhidwa, popeza kompyuta ikuvomereza ndipo mwina mpatawo utsekeka posachedwa. Apa ndi pamene ndikuwaikira kumbuyo. Bambo awa si abodza, ndipo sakudzifunira okha. Ayenda makomo ambiri kuti nyumbayi imangidwe, ndipo akuopa kuti anzathu a bungwe akagwa mphwayi, ophunzira atsamira khomawa sadzapeza malo muno chaka chamawa. Mantha amenewo ndi enieni, inenso ndili nawo pamene ndaima pano.

Ndinabwerera kwa Mayi Zingwe n'kuwafunsa ngati ndinganene nkhaniyi poyera. Anati, "Sindingakusankhireni zonena, Mayi. Koma mukalengeza kuti zatheka, ine ndikweza dzanja kumbuyoko n'kunena kuti ayi." Mwaona tsono pamene ndagwirira njakata. Ndikananena chiganizo chija, ndikanasiya mwana wa eni ake kuti atsutse mlendo wolemekezeka yekhayekha, pamaso pa Boma ndi makamera. Ndaona kuti ndi bwino mwala umenewu ndiusenze ine, amene palibenso angandichotse ntchito.

Ndiloleni ndikuuzeni kankhani ka kunyumba kwanga, mwina mungamvetse chifukwa chake ndili wouma mutu chonchi. Malemu amuna anga anali a fizikisi. Inde, ndinakwatiwa ndi adani. Tili achinyamata, iwo anatulukira lamulo lina lokhudza maonekedwe a malo opindikapindika, analiyesa pa zitsanzo zambiri, ndipo paliponse linkagwira. Anabwera kunyumba akuimba likhweru, n'kundiuza kuti tilembe limodzi, dzina langa pambali pa lawo. Ndinawafunsa umboni. Anati umboni ndi wakuti likugwira. Ndinati ine dzina langa sindiikapo. Abale anga, m'nyumba munazizira. Tinkapatsirana mchere patebulo osayang'anana, ndipo ana ankayenda monyang'ama.

Apongozi anga, amene ankakhala nafe nthawi imeneyo, anaona kuti zinthu sizili bwino. Tsiku lina anandiitanira kukhitchini, anatseka chitseko, n'kundifunsa monong'ona kuti, "Apongozi, musandibisire, mkaziyo ndi wakuti?" Nditawauza kuti tikukangana za lamulo la masamu, anandiyang'ana n'kunena kuti bola akanakhala mkazi, akanadziwa kokayambira.

Zinanditengera zaka kuti ndipeze umboniwo, mwana wina kubadwa mpaka kuyamba sukulu. Ndipo umboni utapezeka, unaonetsa kuti amuna anga ananena zoona pafupifupi paliponse, kupatula pa mtundu umodzi wa malo, umene zitsanzo zawo zonse zinaulambalala mwangozi. Pamenepo lamulo lawo linkathyoka. Ndinaopa kuwauza. Koma nditawaonetsa, anakoka mpando, anandilanda pensulo, ndipo moyo wawo wonse wotsala anaugwiritsa ntchito kufufuza malo othyoka aja, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali fizikisi yatsopano. Ntchito imene anthu amawakumbukira nayo lero inachokera pamenepo. Ndikanaika dzina langa tsiku loyamba lija kuti m'nyumba mukhale mtendere, palibe akanayang'anako.

Sindikunena kuti mpata wa Mayi Zingwe uli ndi chuma chotero. Sindikudziwa, iwo sakudziwa, Bambo Pafupifupi sakudziwa. Mwina utsekeka mwezi wamawa ndi kanzeru kakang'ono, mwina udya moyo wa munthu wonse, mwinanso zotsalira zija zikubisa chinthu chimene chidzasinthe mmene timamvera mgwirizano wa masamu ndi fizikisi. Chimene ndikudziwa ndi ichi: a fizikisi amathamanga kutsogolo n'kutiuza kumene choona chingakhale, ife timabwera pambuyo pang'onopang'ono kuponda paliponse kuti tione ngati pansi pali polimba, ndipo nyumba ino mwaimanga kuti magulu awiriwa azimva mawu a anzawo. Ngati pa tsiku loyamba lenilenili tiphunzitsa ana awa kuti wonena kuti "apa sipanalimbe" amamuimika pafupi ndi chitseko, ndiye kuti mawa aliyense wopeza mpata adzaufufuta ndi chikhatho mlendo asanalowe. Ndipo dziko la masamu ndi laling'ono, olemekezeka. Pepala la umboniwu likanatuluka, wina kutsidya kwa nyanja akanafunsa funso langa lomweli mwezi usanathe, ndipo manyazi ake sakanakhala a mayi mmodzi, akanakhala a dzina lililonse lolembedwa pakhoma la nyumba ino.

Kwa inu anzathu a bungwe, ndilankhule nanu maso ndi maso. Munauzidwa kuti mudzamva za funso loyankhidwa, ndipo mwamva za funso lotseguka. Muli ndi ufulu wokhumudwa. Koma ndakhala m'makomiti ambiri oona ntchito za ofufuza, ndipo ndikukuuzani kuti anthu anzeru ndi ambiri, pamene munthu wotha kugwetsa yekha ntchito yake ya zaka zambiri, mwambo uli pakhomo, ntchito ili pachiswe, ndi wosowa kwambiri. Thandizo lanu lagwera pa munthu wotero. Musagamule lero, ingokhalani mumve.

Tsono, a Wapampando, ndatenga sizasi iyi m'manja, ndipo ndisanaigwiritse ntchito ndili ndi funso limodzi. Ndikulifunsa pano chifukwa masana ano kukhonsolo sindidzakhalako. Kodi Mayi Zingwe achotsedwa pa udindo chifukwa chonena zoona za mzere uja?

Musafulumire. Mawondo anga ndi oipa, koma kuima ndimatha.

Kwa amene muli kumbuyo simunamve: a Wapampando akuti nkhaniyo ndi ya khonsolo, ndipo sangaiyankhe okha pano. Ndamva, bambo. Si yankho limene ndimafuna, koma si bodza, ndipo ndalilandira.

Bambo Pafupifupi, mwaimirira. Kodi mukufuna kutuluka, kapena muli ndi mawu? Lankhulani mokweza, maikolofoni ili ndi ine.

Amayi ndi abambo, ndibwereze kuti aliyense amve, pakuti ena simukudziwa kuti Mayi Zingwe akachotsedwa, udindowo ukuyenera kugwera bambo amenewa. Akuti sautenga. Akuti njira yotaya zotsalira ija inachokera mu ofesi yawo, ndipo ngati wina akuyenera kuima pachitseko chifukwa cha njirayo, aima onse awiri. Khalani pansi, bambo, mundiliza pagulu. Ana inu, siyani kaye m'manjamo, nkhani sinathe. Khonsolo ikumanabe masana, ndipo mphamvu zake palibe wazilanda. Kungoti tsopano ikumana aliyense akudziwa chimene chikugamulidwa.

Mphamvu zanga ine ndi zochepa, koma kamodzi aka ndizigwiritsa ntchito. Mwambo wa lero wapereka phunziro loyamba la mu holo yatsopanoyi kwa mlendo wolemekezeka, kuti alankhule chilichonse chimene akufuna. Ola limenelo ndi langa, ndipo ndikulipereka kwa Mayi Zingwe. Mamembala a khonsolo, ndikukupemphani mulowe nawo, mukhale kutsogolo, ngakhale masamuwo akakudutseni pamwamba. Mukaone munthu amene mukukamugamula akugwira ntchito yake.

Mayi Zingwe, bwerani kuno. Apatseni njira, ana inu. Bwerani, mwana wanga, musayang'ane pansi. Sindingakulonjezeni kuti madzulo ano mudzakhala mudakali ndi kiyi wa ofesi ija, ndipo sindingakulonjezeni kuti mpatawo mudzautseka. Chimene ndingakupatseni ndi holo yodzaza ndi anthu ndi bolodi limene palibe analembapo. Musayambe ndi zokongola zija kuti mutisangalatse. Yambani ndi mzere umene wakukanikani, muulembe pakati, zilembo zikuluzikulu, kuti mwina mmodzi mwa ana atsamira khomawa akauone n'kusowa nawo mtendere mpaka adzaumalize.

Gwirani mbali iyi ya sizasi, tidule limodzi.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ino yofufuziramo masamu ndi fizikisi yatsegulidwa tsopano, ndipo ntchito yake yoyamba ndi funso limene palibe mmodzi wa ife akudziwa yankho lake. Tiyeni tilowe, mayiyu akatiuze pamene pavuta.

Zikomo kwambiri.